Bedishiti ya Riaan pa Chingwe cha Kutsogolo

Anzanga ambiri amene tinabwera nawo ku Joni anayambira kutchetcha kapinga m'makomo a azungu ku Menlo Park ndi ku Garsfontein. Ine ayi. Ine ndinayambira kuchapa makabudula a ana a Mabunu, ndipo amene anandipezera ntchitoyo ndi Abambo Mbewe a kwathu ku Ntcheu, munthu amene anali atakhalitsa ku Pretoria mpaka Chichewa chawo chinali chitalowa Chibunu ndi Chipedi. Munali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinali nditangofika paselefu, ndiko kuti mwandekha popanda wondilemba ntchito, ndikugona pansi m'chipinda cha msuweni wanga ku Mamelodi, nsapato zitatha ndi kufunafuna ntchito. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, bambowa anandigwira dzanja, kulitembenuza ngati akusankha mbatata pamsika, n'kundifunsa ngati ndimadziwa kusita. Ndinati ndinkasitira aphunzitsi kumudzi ndi simbi yamakala. Anaseka, akuti simbi ya kuno ilibe makala, koma bola munthu wodziwa kumene kuli kolala. Mnyamata amene ankachapa kuntchito kwawo anali atabwerera kumudzi ndi chifuwa, ndiye malo analipo.

Malowo anali hositelo ya anyamata achizungu chakum'mawa kwa mzinda. Inatsekedwa kalekale, ndipo dzina lake silingakuthandizeni kanthu. Munkagona ana a alimi a kutali, amene makolo awo ankawatumiza kudzaphunzira sekondale m'tauni. Abambo Mbewe ankasonkhezera moto wa boila yotenthetsa madzi, ine ndinkachapa ndi kusita, ndipo tonse tinkagona m'tizipinda ta kuseri kwa boilayo. Wotilamula anali mayi wachizungu woyang'anira nyumbayo, tinkangomuti Misisi. Pamwamba pa Misisi panali mphunzitsi wogona pomwepo, wamfupi, wa khosi lonenepa, amene ankaphunzitsanso ragibi. Iyeyu aliyense ankamuti Meneri, ndiko kuti bwana m'Chibunu. Misisi ndi amene anandikonzera mapepala, ndipo tsiku lomwelo anandiuza mmene zinthu zilili: pasi yanga yamangirira pa ntchito imeneyi, tsiku limene ndichotsedwe ndi tsiku limene apolisi andikweze galimoto yobwerera ku Malawi. Ndinamva bwinobwino. Kumudzi ndinali nditasiya mayi ndi azichemwali akuyang'ana kwa ine.

Amene amati kuchapa ndi ntchito yopepuka sanachapirepo anyamata a ragibi. Lolemba m'mawa mwana aliyense ankaponya thumba lake la zochapa pakhonde la kuseri. Ndinkakhuthulira zonse patebulo lalitali n'kupisa m'matumba a makabudula ndi mashati, chifukwa cholembera chimodzi choiwalika chimatha kuwononga zovala za nyumba yonse. Kenako kupatula: zoyera pazokha, makhaki paokha, masokosi ndi majuzi aubweya paokha. Ubweya ukalawa madzi otentha, juzi ya mnyamata wamkulu imasanduka ya khanda. Izi sindinachite kuuzidwa, ndinaziona sabata yoyamba, ndipo Misisi ananyamula kajuziko m'mwamba ndi dzanja limodzi, linalo akundilozera geti. Makina ochapira anali chimgolo chachitsulo chozungulira ndi lamba, madzi ake ochokera ku boila. Sopo waufa tinkayeza ndi chitini cha jamu. Makolala ndi m'khwapa ndinkayamba ndakwecha pamanja ndi sopo wobiriwira ndi bulashi. Zoyera ndinkaziviika mu bulichi pang'ono, kutsukuluza kawiri, komaliza ndi buluu kuti ziwale. Zikatuluka mmenemo zinkadutsa pa makina ofinyira, amene anandidya chikhadabo ndisanawazolowere.

Kusita ndiye kunali ndi mwambo wake. Umawaza kaye madzi ndi botolo loboola chitseko, n'kuyamba kolala, mapewa, mikono, msana, komaliza kutsogolo kumene anthu amayang'ana. Mashati a ku tchalitchi ankafuna sitachi, aume gwa. Mabanga nawo aliyense ali ndi mankhwala ake. Magazi amachoka ndi madzi ozizira amchere, ukathira otentha wawaphikira momwemo. Inki imamvera mkaka wosasa. Polishi wa nsapato amafuna parafini ndi kupirira.

Chovala chilichonse chinali ndi kansalu ka dzina kosokerera pakolala kapena pangodya, choncho anawo ndinawadziwa zovala ndisanawadziwe nkhope. Ndinkadziwa wosuta mobisa, wosakonda kusamba, wobisa nyama youma m'thumba. Zingwe zoyanikira zinali kuseri, kupatula chimodzi. Chimenechi chinali kutsogolo, pakati pa mizati iwiri yachitsulo, moyang'anana ndi khomo la chipinda chodyera, ndipo chinali ndi ntchito imodzi yokha. Lamulo la nyumbayo linali lakuti mwana akakodza pogona, bedishiti yake iyanikidwe pamenepo yosachapa, dzina lili poonekera, mpaka dzuwa litalowa. Akuti manyazi ndiwo mankhwala ake. Kawirikawiri zinkagwera tiana tongofika kumene, tosowa amayi awo. Woyanika anali ine, ndipo ntchito imeneyi ndinkadana nayo kuyambira pachiyambi.

Mawu akuti "mofi" ndinawaphunzira atandigwera ine ndemwe. Lamulungu lina ine ndi Abambo Mbewe tinkatuluka pageti titagwirana manja, tikucheza za kumudzi, monga amachitira amuna kwathu akamvana. Anyamata amene anali pakapinga anayamba kuimba mluzu, kufa nalo phwete, akufuula mawu amenewo. Abambo Mbewe anandisiya dzanja ngati latentha. Titafika pamsewu anandifotokozera kuti chimenecho ndi chitonzo cha mwamuna amene mtima wake umapita kwa amuna anzake, kapenanso aliyense amene iwo aona kuti si mwamuna mokwanira. Ndinaseka, ndinati koma anthu awa, ndiye kuti kwathu mudzi wonse wapezeka wolakwa. Komabe kuchokera tsikulo tinkayenda motalikirana, manja m'thumba. Zinandiwawa kuti ana a sukulu atisintha mayendedwe ife anthu akuluakulu.

Ife tinatonzedwa kamodzi. Panali mnyamata wina amene ankawamva mawu amenewo m'mawa ndi madzulo. Dzina lake Riaan, wa zaka ngati khumi ndi zisanu, wamtali, woonda, mwana wa mlimi wa fodya. Ankaimba limba pa mapemphero a m'mawa, ragibi ankaiopa, mabatani ankadzisokerera yekha mwaluso kuposa ine. Mwa anyamata onse aja ndi yekhayo amene ankati zikomo polandira zovala. Kaya zinayamba ndi chiyani, sindidziwa. Ena ankati anamuona akuyang'anitsitsa mnzake wina, ena ankangoti ndi mayendedwe ake. Chimene ndikudziwa ndi zimene zinkabwera m'thumba lake Lolemba. Shati yong'ambika kumsana, kumene munthu sadzing'amba yekha. Matope a nsapato za anthu ena pajuzi. Magazi pakolala, makabudula amkati opakidwa polishi, mawu aja olembedwa ndi inki pa shati ya ku tchalitchi. Ndinkachapa, ndinkasoka, ndinkasita, Lolemba linalo zonse n'kubweranso. Zinkandinyansa, osati zovalazo ayi, koma kuti ine ndi amene ndinkawayeretsera pamene adzalembenso.

Masana anzake akapita kubwalo, Riaan anayamba kumabwera kochapira, kukhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa boila, osayankhula. Abambo Mbewe sanakondwe nazo. Anandiuza kuti mwana wa mzungu akapezeka kwa antchito, mlandu sugwa pa mwanayo, ugwa pa ife. Akuti tinabwera kudzachapa, osati kudzaweruza milandu ya Mabunu. Akutinso ngati zimene akumunenerazo n'zoona ndiye kuti ndi tchimo, ndipo iwo monga mkulu wa mpingo sangaliikire kumbuyo. Ankanena zonsezi akuika kapu ya tiyi ndi chibenthu cha buledi pambali pa ndowa ija. Sanamuthamangitse ngakhale tsiku limodzi.

Kenako anyamata aja anatulukira ntchito ya chingwe cha kutsogolo. M'mawa wina bedishiti ya Riaan inabwera yonyowa, ikununkha. Ndinayanika monga mwa lamulo. Mawa lake chimodzimodzi. Mwana akakodza yekha pamanyowa pakati, bulangete nthawi zambiri limapulumuka. Apa panali ponyowa kuyambira kupilo mpaka kumiyendo, bulangete lonse lomwe, zochita kuthira ndi chitini anthu atasonkherana. Ndinalimba mtima n'kupita kwa Misisi, chipewa m'manja, ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, ndikuganiza kuti ndikukamuuza zachilendo. Sanadzutse n'komwe mutu pa zimene ankasoka.

"Ndili ndi maso, Laston," anatero. "Ndikudziwa. Kayanike."

Anawonjezera kuti Meneri wanena kuti zimenezi zimukhwimitsa mwanayo, popeza akamaliza sukulu onse akupita ku usilikali, ndipo kumeneko n'koposa apa. Ndinatuluka kukayanika. Ine ndinkaganiza kuti vuto n'lakuti akuluakulu sakudziwa. Ankadziwa onse, kuyambira Meneri mpaka ophika.

Ndinayesa njira ina. Ndinamuuza Riaan kuti azindiponyera bedishitiyo pawindo la kuseri belu lodzutsa lisanalire, ine ndizimupatsa ina youma. Zinayenda kanthawi kochepa chabe. Mabedishiti ochapa ankakhala m'kabati yokhoma, kiyi m'chiuno mwa Misisi, ndiye ndinkachita kubisa imodzi pochapa n'kuiumitsa pa mapaipi a boila. Anyamata aja ataona chingwe chili chopanda kanthu anakanena kwa Meneri. Meneri anabwera kochapira, malo amene sankapondako, anaima pakati pa nthunzi n'kundifunsa ngati ndakusowa kwathu ku Nyasalande. Ndinati ayi bwana. Anati ndiye ndizichita zimene ndinalembedwera. Kuyambira pamenepo ndinkangoyanika.

Tsiku lina ndikusita, Riaan anayankhula ali kuseri kwa boila, osandiyang'ana.

"Laston, nanga zimene amanenazo zitakhala zoona?"

Ndinaimika simbi. Ndinali mnyamata wa kumudzi woleredwa m'tchalitchi, ndipo zimenezi sindinkazimvetsa, sindinama. Koma mwanayo sankafunsa za Baibulo. Ankafuna kudziwa ngati mawa tidzamulolabe kukhala nafe. Ndinamuuza kuti zoona kaya zabodza, palibe munthu woyenera kugona m'mikodzo ya anzake, ndipo shati yake ndiziisita chimodzimodzi ndi za ena onse. Ndi zokhazo zimene ndinali nazo. Analira mwakachetechete, kenako anandiuza chimene ankaopa kuposa zibakera. Anali bambo ake. Akuti bambo ake akangomva mawu amenewo amuchotsa sukulu n'kupita naye kwa madokotala amene amati amawongola ana otere, ndipo kumeneko munthu amabwerako ali wina. Iye ankangofuna kupirira mpaka amalize sukulu bambo ake asanamve, kenako apite kutali kukaphunzira zoimba. Ndinamuuza kuti apirire. Ndinadziona wachabechabe.

Bedi loyandikana ndi la Riaan linali la Kobus, chimnyamata cha ragibi chodana ndi sopo, chimene makabudula ake ankandipweteka msana. Sanali bwenzi la Riaan. Ena akamaseka nayenso ankaseka, ndinamuonapo ndi maso angawa. Koma tsiku lina anabwera kudzafuna juzi yake n'kundipeza ndikukwecha polishi ndi parafini, Riaan ali pa ndowa paja mlomo utatupa. Anaima pakhomo nthawi yaitali, juzi ili m'manja. Anafunsa ngati zimachoka. Ndinati zimachoka, koma zimabweranso. Anapita, ine n'kungoti basi, malo obisala aululika. Sanaulule.

Tsiku lovuta linali Loweruka la makolo. Kamodzi pa teremu alimi ankabwera ndi mapikapu awo kudzaonera ragibi, kuwotcha nyama pakapinga ndi kuona ana awo. Ine ndinali nditasita mashati oyera mpaka mkono kuuma. M'mawa umenewo bedishiti ya Riaan anaibweretsa anyamata akuluakulu atatu, atagwira kungodya ngati mbendera, ikudontha. Pakati pake anali atalemba mawu aja ndi polishi wakuda, zilembo zikuluzikulu zoti munthu awerenge ali pageti. Kumbuyo kwawo kunali Meneri. Ndinati mumtima, lero lokha sangalole, kukubwera alendo. Ndinamupempha kuti ndiichape kaye, kapena ndikayanike kuseri.

"Kutsogolo," anatero. "Bambo ake aone zimene analera."

Misisi anali kukhitchini ndi makeke ake. Abambo Mbewe anali pakhomo la boila, fosholo m'manja, ndipo anangondigwedezera mutu pang'ono kuti pita mwana wanga, usazengereze. Ndinaganiza za mayi anga, ndinaganiza za galimoto ya apolisi, ndinatenga mapegi opanira zovala. Ndinayesa tinzeru tanga tochepa. Ndinaipinda pakati kuti zilembo zikhale mkati, Meneri anati tambasula. Ndinaitembenuza kuti ziyang'ane kumpanda, koma polishi anali atalowerera mpaka kuseri, zinkawerengeka ndithu. Ndinayanika. Manja ankanunkha, maso atadzaza misozi, ndipo m'mawindo a pamwamba munali mitu yokhayokha ikuseka. Riaan anali ataima pamasitepe, atavala shati yoyera imene ndinamusitira dzulo lake, nkhope itayera ngati shatiyo.

Ndikutola dengu kuti ndichoke, ndinaona Kobus akutsika masitepe atavala kale za ragibi, bedishiti yake ili paphewa. Anapita pampopi wa pakapinga, kuitsegulira madzi mpaka inakhuta, n'kubwera nayo kwa ine ikudonthera pa nsapato zake. Anakweza mawu kuti onse amve.

"Laston, yanika yanganso. Nanenso ndakodza."

Ndinayang'ana kwa Meneri. Lamulo linali lake lomwe lakuti bedishiti yonyowa ipite kutsogolo, ndiye sakanandiletsa. Ndinayanika msangamsanga pambali pa inayo, dzina la Kobus lili poonekera. Kuseka kuja kunazima. Kobus anatembenukira kumawindo n'kuyamba kuitana anzake a m'chipinda chawo mmodzimmodzi ndi maina, kuti atsike ndi zawo. Chingwe chinali ndi malo, mapegi ndinali nawo thumba lodzaza. Ndinaona mitu ina ikulowa mkati, n'kubwereranso pawindo. Mnyamata wina wamng'ono anatulukadi pakhomo atakumbatira bedishiti pachifuwa. Anatsika masitepe angapo, anayang'ana Meneri, anayang'ana anyamata akuluakulu aja, n'kubwerera chammbuyo. Tinadikira. Sanabwerenso wina. Meneri anamugwira Kobus pakhosi pa juzi n'kulowa naye ku ofesi, ndipo ndodo tinkaimva tili panja.

Magalimoto anayamba kulowa. Amayi achizungu ankati akaona chingwecho n'kutembenuza ana awo aang'ono nkhope. Ya Kobus sinavute munthu, ankangoti anyamata ndi amasewera. Bambo ake a Riaan anatsika pikapu yafumbi, chimunthu chofiira ndi dzuwa, chipewa chachikulu kumutu. Anaima patsogolo pa chingwe nthawi yaitali, kenako anagwira ngodya n'kuwerenga kansalu ka dzina. Ine ndinali chapafupi ndikunamizira kutola mapegi, chifukwa ndinkati mwina andifunsa, ndipo ndikawafotokozera mtima wa kholo ugwira ntchito. Anandifunsadi, koma funso limodzi lokha, ngati aka n'koyamba. Ndinati ayi bwana, koma si iye amanyowetsa, amachita kumuthira anzake, amamumenyanso, mwanayu sanalakwire munthu. Anakweza dzanja kuti nditseke pakamwa. Za mikodzo ndi zibakera sankazifuna. Maso awo anali pa zilembo.

Sanaonere ragibi. Anayankhula ndi Meneri pakhonde, Meneri akugwedeza mutu ngati munthu wachifundo, ndipo nyama isanapse bokosi lachitsulo la Riaan linali litakwezedwa kale kumbuyo kwa pikapu. Mayi ake anakhala kutsogolo akuyang'ana mawondo awo. Riaan anakwera kumbuyo pamodzi ndi bokosi. Podutsa pageti anandiona, sanakweze dzanja, nanenso sindinakweze. Sindinamuonenso. Ophika anamva kuti bambo ake anapitadi naye kwa madokotala aja. Zitatha izo kaya, palibe amene anabwera ndi nkhani yake. Dzuwa litalowa ndinayanula mabedishiti awiri aja n'kuwaviika. Abambo Mbewe anakhala pansi osasonkhezera moto mpaka madzi osamba a ana anazizira, ndipo anakalipiridwa ngati mwana.

Lolemba lake ndinamva Misisi akudandaulira wophika wamkulu, ine ndikupinda nsalu za patebulo pomwepo, poti wantchito wakuda ankamuona ngati kabati. Akuti mwamwayi anali awiri okha. Akuti chikhala kuti chipinda chonse chinatsika ndi mabedishiti onyowa, akanatuluka yekha n'kulamula kuti onse achotsedwe magalimoto asanafike, Meneri afune asafune, chifukwa sakanalola kuti amayi a ana akanene kumafamu kuti nyumba yake yadzaza anyamata okodza pogona. Ankanena ngati munthu wopulumuka ngozi. Ine nsalu inandigwa m'manja.

Kobus anabwera kochapira patapita masiku, akuyenda motsimphina. Kabudula wake anali atadutsa kale m'manja mwanga, ndi madzi amchere. Anali atamuchotsa m'timu, ndipo mawu aja tsopano anali atasamukira kwa iye. Sanadandaule za zimenezo. Anaima pakhomo n'kundifunsa chimene chinkamudya.

"Tikanakhala ambiri, akanamutengabe?"

Ndikanatha kumunamiza kuti palibe chikanasintha, kuti mtima ukhale pansi. Ndinamuuza zimene Misisi ananena. Anatchula maina a anyamata anayi. Akuti anali atapangana nawo kale kuti tsiku limene bedishiti ya Riaan idzayanikidwenso, onse adzatsika ndi zawo, ndipo anayiwo analumbira. Ndinamuuza kuti iye anachita zaumunthu. Anati sizinathandize. Sizinathandizedi.

Ndinagwira pamenepo mpaka m'zaka za m'ma 1980, kenako ndinapeza ntchito kumalo ochapira zovala m'tauni, kumene ndinakalambira. Anthu akamandifunsa chimene ndinaphunzira pa ntchito yoyamba amayembekeza za sitachi ndi bulichi. Chimene ndinasunga ine n'chakuti ana akamazunza mnzawo, akuluakulu amakhala akudziwa, ndipo ambiri amangoyang'ana ngati pali ana ena amene zikuwakhudza. Akaona palibe, amapitiriza kusoka. Ine ndinali ndi pasi pakhosi, mphamvu ndinalibe, ndipo mpaka lero ndikaganiza chimene ndikanachita sindichipeza. Ana aja analibe pasi.

Lero ndimakhala ku Nellmapius, ku Pretoria komweko. Adzukulu anga ndi anzawo amabwera kuchokera kusukulu ndi mawu omwe aja, m'Chizulu, m'Chipedi, ngakhale m'Chichewa, akuseka mnzawo wina. Ndikawadzudzula amati eish, Agogo, ife sitimumenya, timangoonerera. Ndimawauza kuti sindikuwapempha kuti amvetse zonse, nanenso sindinamvetse. Ndikuwapempha kuti mmodzi akaimirira, wachiwiri asachedwe, wachitatu asayambe wayang'ana nkhope ya aphunzitsi. Kaya amamva kaya ayi. Riaan sanachotsedwe sukulu ndi atatu olemba ndi polishi okha. Anali ndi anzake anayi omumvera chisoni ndithu, ndipo m'mawa umenewo onse anayi anali pawindo, mabedishiti awo ali m'manja.